Otter Trail: tikawoloke bwanji Bloukrans tili ndi mnzathu wosadziwa kusambira?

Moni a gulu nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndikupempha nzeru kwa aliyense amene anayendako Otter Trail, njira ya m'mbali mwa nyanja ku Tsitsikamma kuno ku South Africa. Tilipo asanu ndi mmodzi, tonse Amalawi okhala ku Gqeberha, ndipo malo tinalipira kale ku SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dziko lino. Kwa amene simukuidziwa, imayambira ku Storms River Mouth n'kukathera ku Nature's Valley, makilomita pafupifupi 45, masiku asanu, kugona kanayi panjira. Patsiku amalola anthu 12 okha kuyamba ulendo, choncho malo amavuta kupeza, ndipo tsiku limene mwapeza simungolisintha mmene mwafunira.

Chikundisowetsa tulo ndi tsiku lachinayi. Kuchoka pogona pa Oakhurst kukafika pa Andre ndi makilomita 13.8, ndipo mukayenda pafupifupi 10 mumapeza mtsinje wa Bloukrans pamene umathirira m'nyanja. Pamenepo palibe mlatho. Mlatho wautali uja wa pa msewu waukulu wa N2, umene anthu amadumphapo atamangidwa chingwe, uli kumtunda. Pansipa munthu amawoloka ndi miyendo yake nyanja ikaphwa. Tayang'ana tide table (ndandanda wa nthawi imene nyanja imaphwa ndi kudzaza) ya tsikulo: madzi adzaphwa cha m'ma 7 koloko m'mawa, kenako cha m'ma 8 usiku. Ndiye kuti tiyenera kunyamuka kukadali mdima bii.

Chinanso, alamu anga sadziwa kusambira. Kwawo ndi ku Dedza, mapiri amakwera kutiposa tonsefe, Sapitwa anafikako, koma madzi ongofika m'chiuno amawaopa. Ine ndinakulira ku Nkhotakota ndipo ndimasambira, komabe nyanja yathu ija siphwa n'kudzazanso kawiri patsiku, ndiye sindingadzitche wodziwa. Kodi kuyenda usiku m'njira imeneyi n'kwanzeru? Nanga munthu wosasambira angawoloke? Ena pagulu lathu akuti tidzangowagwira manja, koma ine mtima sukuvomera. Mundiuzenso ngati tenti ikufunika, komanso chakudya chimene munanyamula.

Membala wa ku George:
Achemwali, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Usiku anthu amayenda ndithu, ndipo kwa inu palibenso njira ina, chifukwa kuwoloka 8 koloko usiku ndiye musayerekeze. Makilomita 10 amenewo si a pamsewu. Ndi kukwera, kutsika, miyala yoterera ndi mizu ya mitengo, chikwama chili kumsana. Masana ambiri amatenga maola anayi kapena asanu, mumdima onjezani. Ine ndikanati 1 koloko ya usiku ikwane mutavala kale nsapato. Kufika msanga n'kukhala pamwala kudikira sikunapweteke munthu, koma mukachedwa ndi ola limodzi mupeza madzi ayamba kubwerera. Aliyense akhale ndi tochi yake ya pachipumi ndi mabatire apadera, osati tochi ya foni. Njira anailemba ndi zizindikiro zachikasu za phazi la katumbu pa miyala ndi pamitengo. Mukayenda kamtunda osaona chachikasu, imani, bwererani pa chomaliza chimene munaona.

Za kuphwa kwa nyanja mumvetse chinthu chimodzi. Madzi saphwa mofanana masiku onse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, amaphwa kwambiri ndiponso amadzaza kwambiri. Masiku a pakati amangotsika pang'ono. Ndiye pa tide table musaone nthawi yokha, onaninso nambala ya kutalika kwa madzi imene amalemba pambali. Nthawiyo imasunthanso ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, choncho onetsetsani kuti mukuwerenga mzere wa tsiku lachinayi la ulendo, osati la tsiku loyambira.

Koma chimene tide table singakuuzeni ndi mvula. Ku Tsitsikamma mvula ilibe nyengo, imagwa mwezi uliwonse. Ikagwa kumapiri, Bloukrans amasefukira ngakhale kunyanja kuli dzuwa. Mphepo ikautsanso mafunde, amalowa mpaka m'kamwa mwa mtsinje n'kumakukankhirani ku matanthwe. Alipo anawoloka madzi ali m'maondo, alipo anasambira, pamalo omwewo.

Membala wa ku Cape Town:
Bambo a ku George afotokoza bwino, koma pa nkhani ya alamu anuwo ine ndilankhula mosapsatira. Zogwirana manja zisiyeni. Munthu woopa madzi akaterereka amakakamira amene ali pafupi, ndipo omira amakhala awiri. Chingwe cha m'chiuno ndiye choopsa koposa, chikakodwa m'miyala munthu sangathe kudzimasula. Musanafike pamtsinje pali njira yotulukira yolembedwa E6, yokwera chitunda kupita pamwamba. Ndi yotopetsa, koma anaiika chifukwa cha zoterezi, ndipo kumtundako mumaimbira oyang'anira paki pa nambala imene amakupatsani poyamba ulendo. Chofunika n'chakuti mugwirizane muli kunyumba, mayiwo alipo, kuti madzi akapitirira pakutipakuti iwo ndi munthu mmodzi akwera E6. Mukasiya kuti mukakambirane m'mbali mwa mtsinje, onse mutatopa, anthu ena akuonerera, adzalowa m'madzi chifukwa cha manyazi. Ndikudziwa mmene timachitira ife, munthu safuna kuoneka ngati wasokoneza ulendo wa anzake.

Mwini funso:
Amayi, zikomo kwambiri, mwanena zimene zinali mumtima mwanga. Alamu angawo ndi munthu woti sangakane pagulu. Koma kodi palibe mpata woti adziyese kaye tisanafike pa Bloukrans?

Membala wa ku Cape Town:
Ulipo. Tsiku lachitatu, pochoka pa Scott kupita pa Oakhurst, muwoloka Elandsbos ndi Lottering. Nayonso imamvera nyanja, makamaka Lottering, ndiye tide table muionenso tsiku limenelo. Muone mmene achitire pamenepo. Komanso muli ndi nyanja pakhomo pomwepo ku Gqeberha. Pitani nawo pagombe pamene pali opulumutsa anthu, pakati pa mbendera, azolowere mafunde kuwamenya m'miyendo. Akalembetsa maphunziro a kusambira padamu losambiramo ndiye bwino koposa. Sadzakhala katswiri, koma munthu wodziwa kuyandama sachita mantha ngati amene sanalowepo.

Membala wa ku Plettenberg Bay:
Tenti panjira musanyamule, ikulemerani chabe. Pogona ponse panayi, Ngubu, Scott, Oakhurst ndi Andre, pali tinyumba tiwiri ta matabwa, kalikonse kogona anthu asanu ndi mmodzi, matiresi alimo. Inu mukwanira kanyumba kamodzi. Munyamule sleeping bag basi. Tenti ingakuthandizeni usiku woti mawa mukuyamba, pa msasa wa Storms River Mouth, kapena mukamaliza pa De Vasselot ku Nature's Valley, koma izikhala m'galimoto. Za galimoto konzanitu, njirayi sibwerera pamene munayambira. Siyani imodzi kumathero kapena panganani ndi wodzakutengani, ndipo pa N2 pali toll gate pakati pa malo awiriwa.

Gulaninso thumba lalikulu la pulasitiki yokhuthala limene m'masitolo a zokwerera mapiri amati survival bag. Chikwama chonse chimalowamo, mumamanga kukamwa, n'kumachikankha chikuyandama. Musawoloke madzi akuya chikwama chili kumsana malamba atamangidwa.

Membala wa ku Zomba:
Ine sindinafikeko, koma pa chakudya ndingathandize monga woyenda m'mapiri. Nsima usiku uliwonse kwa anthu asanu ndi mmodzi ikutherani gasi, ndipo poto wake ndi katundu payekha. Ufa tengani wa usiku umodzi, mwina wachitatu kuti mugone mutakhuta musanadzuke pakati pa usiku. Masiku enawo mpunga wosachedwa kupsa, ma soya pieces, usipa wouma ngati muli nawo, chiponde, mtedza wokazinga ndi oats wa m'mawa. Ku Mulanje timadalira otinyamulira katundu, uko konzekani kusenza nokha.

Membala wa ku George:
Zoona zimenezo. Ndiwonjezere za madzi akumwa: mitsinje ya kumeneko ndi yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, chifukwa cha zomera za m'mapiri zotchedwa fynbos. Mtundu wokhawo usakuopseni, komabe thirani mankhwala oyeretsera madzi kapena wiritsani. Chakudya musasiye panja, kuli anyani. Mapasipoti musaiwale, ndalama yolowera m'paki imasiyana: nzika ndi okhazikika kuno mtengo wawo, a mayiko a SADC monga ife mtengo wina, a kutali wokwera koposa. Pali fomu ya zaumoyo yofunika kudzaza musanayambe, ndipo mwana wosakwana zaka 12 salowa.

Mwini funso:
Ambuye akudalitseni nonse. Ndalankhula ndi alamu anga madzulo ano ndipo avomera kuyamba maphunziro a kusambira. Tagwirizananso kuti madzi akapitirira m'ntchafu, kapena ngati kwagwa mvula usiku, iwo ndi achimwene anga akwera E6, enafe tikaona bwinobwino tisanalowe. Ndiwerenganso nambala ya kutalika kwa madzi monga mwanenera, Bambo. Chatsala n'chimodzi kwa amene munatulukirapo pa E6: kodi munthu amatha kutsikiranso pa Andre kukagona ndi anzake n'kumaliza nawo tsiku lachisanu, kapena ulendo wake umathera pomwepo? Ndifunsanso ku ofesi ya paki, koma ndikufuna kumva kwa amene zinawachitikira.