Ndathira ufa wa chitsulo mu resin, koma timagiya tikungothyokabe: ndikulakwitsa pati?

Akuluakulu nonse a pagulu pano, landirani moni. Ine ndimakonza makina osokera kuno ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, ndipo chaka chatha ndinagula makina osindikiza zinthu a 3D ogwiritsa ntchito resin (pulasitiki wamadzimadzi), aja amene amaumitsa resinyo ndi kuwala kwapadera kwa 405 nm, kuti ndizidzipangira timagiya tapulasitiki timene sitipezekanso m'masitolo. Timatuluka tokongola, mano ake osalala, koma tikazungulira sabata imodzi kapena ziwiri, dzino limabenthuka ngati mbale yadothi. Mayi wina wosoka zovala ku Turffontein wandibwezera makina ake kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinasowa chonena.

Ndinaganiza kuti ufa wa chitsulo ungathandize. Ndinasakaniza magalamu 10 a ufawo ndi magalamu 90 a resin, n'kutakasa mpaka kusalala ngati phala. Ola lisanakwane, ufa wonse unali utadikha pansi pa kabeseni ka resin, pamwamba penipeni pa kapepala kapulasitiki koonekera kotchedwa FEP pamene kuwala kumadutsira, ndipo kapepalako kanakalikakalika. Ndinayenera kudziwiratu, chifukwa chitsulo chimalemera pafupifupi magalamu 7.9 pa cm³, pomwe resin ndi magalamu 1.1 okha.

Kenako ndinayesa aluminiyamu, amene ndi wopepukirapo, magalamu 2.7 pa cm³. Iyeyu anachedwa kumira, koma chifukwa chakuti amatchinga kuwala, ndinachita kuwirikiza kawiri nthawi youmitsira leya iliyonse (kagawo kopyapyala kamene makina amaumitsa nthawi imodzi) ya ma micron 50, kapena kuti 0.05 mm. Nditathyola giya imodzi mwadala ndi pulayala, kunja kunali kouma gwa, koma m'kati munali monata zala. Chimene chandiimitsa mutu n'chakuti ngakhale zimene zinauma bwino zinathyoka msanga kuposa za resin wopanda kanthu.

Kodi ufa wa chitsulo umathandizadi kuti chinthu chisamathyoke, kapena ndikungowononga ndalama? Ngati umathandiza, ukhale wosalala motani, ndipo mumatani kuti usamire makina ali m'kati mosindikiza?

Yankho:
Achimwene, kuuma ndi kupirira kugunda ndi zinthu ziwiri zosiyana. Galasi ndi louma, koma likagwa limasweka. Ufa wa chitsulo umachititsa kuti resin asamapindike, koma ngati resin sanagwirane nawo bwino, kanjere kalikonse kamasanduka poyambira mng'alu. N'chifukwa chake ena amayamba aukuta ufawo ndi mankhwala otchedwa silane, ndipo amasankha wa tinjere tating'ono kwambiri kuposa kukhuthala kwa leya. Pa vuto la mano obenthuka, ine ndikanayamba ndi kusakaniza resin wanuyo ndi resin wofewa uja wotha kupindika, pang'onopang'ono, n'kumayesa pothyola. Kumbukiraninso kuti magiya ambiri a m'makina osokera amapangidwa ndi nayiloni kapena pulasitiki wotchedwa POM, zimene zimalola kupindika pang'ono. Ufa wa aluminiyamuwo muusunge kutali ndi moto, chifukwa suchedwa kuyaka, ndipo muzivala chophimba mphuno pouthira.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri, achimwene, mwanditsegula maso. Nanga resin wofewayo ndiyambe ndi magawo angati pa 100 kuti mano a giya asamapindike makina akamasoka nsalu yokhuthala ngati jinzi?