Ng'ombe yanga ikukana bere: kodi thupi lake likupha umuna?

Alimi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Bvumbwe kuno ku Thyolo, ndipo ndili ndi ng'ombe ya mkaka imodzi ya mtundu wa Friesian yomwe imatidyetsa pakhomo. Chiberekereni chaka chatha sikutenga bere. Pakangotha masiku 21 yayambanso kulira, kusakhazikika m'khola, chikazi choyera chikulendewera kumchira. Wothira umuna wabwera kangapo, ndalama zikungopita, mkaka nawo ukuphwa. Nsenjere ndi madeya sizisowa. Wina wandiuza kuti mwina thupi lake likulimbana ndi umunawo. Zimachitikadi zimenezi, kapena ndingoigulitsa kwa abutchala? Mtima ukundiwawa.

Mlimi wa ku Goliati: Mayi, musathamangire kugulitsa. Itabereka, nsengwa inatuluka yokha kapena inachedwa?

Mwini funso: Inachedwa, achimwene. Mpaka kumatuluka zonunkha.

Wophunzira za ziweto: Pamenepo ndiye pali nkhani, mayi. Zimene mwamvazo zimachitikadi. Umuna ndi mlendo m'thupi la ng'ombe yaikazi, koma chiberekero chabwinobwino chimaulandira. Chikakhala ndi zilonda kapena mafinya, umuna umakumana ndi magazi, ndiye chitetezo cha m'thupi chimatha kupanga asilikali olimbana nawo. Asilikaliwo amamatirira ku mbewu za nkhunzi, zimagwirana timagulu, zimalephera kusambira mpaka kukafika pa dzira. Kuthira mobwerezabwereza pachilonda kumangowonjezera vutolo. Nkhunzi nayo ikavulala machende imatha kuukira umuna wake womwe. Koma ndinene zoona, vuto limeneli silichuluka ngati matenda a m'chiberekero enieniwo, ndipo ndi amene ndikuwakayikira kwa inu. Itanani alangizi a ziweto aipime, achize chiberekero, ipumule nyengo imodzi kapena ziwiri zofuna nkhunzi osathira, kenako muyese umuna wa nkhunzi ina.

Mayi wa ku Chonde, Mulanje: Muonenso nthawi. Mukaiona yatentha (ikufuna nkhunzi) m'mawa, athire madzulo ake. Ikatentha madzulo, athire mawa m'mawa. Ambiri bere timaliphonya pomwepo.

Bambo wa ku Thunga: Umunanso uja umasungidwa mu nayitrojeni wozizira kwambiri. Akaphwa m'thanki, mbewu zafa, ngakhale ng'ombe ilibe vuto. Funsani anzanu a ku gulu la mkaka ngati zawo zikutenga.

Mwini funso: Zikomo nonse. Nanga pamene ikulandira mankhwalawo, mkaka ndizipititsabe ku gulu?

Wophunzira za ziweto: Ayi mayi, ngati aibaya maantibayotiki dikirani masiku olembedwa pa botolo athe. Afunseni alangiziwo akuwerengereni asanachoke pakhomo.