Za matumba a tiyi aja: ndapeza pomwe ndinkalakwitsa

Zikomo nonse amene munandiyankha sabata yatha. Funso lija linali la matumba atatu a tiyi, ngati omwe timawaona pa sikelo kuno ku Thyolo. Kulemera kwa thumba lililonse kumatsata normal distribution (matumba ambiri amalemera pafupi ndi avereji, ochepa okha ndi amene amatalikira), mean (avereji) ndi makilogalamu 50, standard deviation (muyeso wa mmene kulemera kumatalikirana ndi mean) ndi makilogalamu 2. Mwayi woti onse pamodzi apitirire makilogalamu 155 ndi wotani?

Ine ndinkangophatikiza ma standard deviation, 2+2+2, n'kupeza 6. Achimwene amene munati ndiphatikize ma variance (standard deviation kuichulukitsa ndi iyo yomwe, apa 2×2 ndi 4), ndatsatira zanuzo. 4+4+4 ndi 12, square root yake 3.46. Mean yonse ndi 150, ndiye z (kutalika kwa 155 kuchokera pa mean, poyeza ndi standard deviation) ndi 5 kugawa ndi 3.46, kutuluka 1.44. Pa tebulo la normal distribution mwayi wake ndi 0.0749. Njira yanga ija inkandipatsa 0.20, kutalitali!

Chomwe chinandizunguza mutu n'choti 6 uja amagwira ntchito ukatenga thumba limodzi n'kulichulukitsa katatu, chifukwa variance imakhala 9×4 (9 ndi 3×3), kutuluka 36, square root yake 6. Koma matumba atatu osiyana sangalemere mofanana: lina likapitirira, lina limatha kupepuka.

Komanso onetsetsani kuti funso lanena kuti kulemera kwa thumba lina sikudalira linzake, apo ayi kuphatikiza ma variance kokha sikukwanira.