Inshulansi ya moyo pa zaka 26?

Wa ku Nchalo: Abale, ndili ndi zaka 26, ndimagwira ntchito kuminda ya nzimbe. Sindinakwatire, koma ndimalipirira fizi azing'ono anga awiri. Kodi inshulansi ya moyo ndi ya matenda aakulu ndiyambe panopa?

Mayi wa ku Ngabu: Yambani achimwene, mukadali wachinyamata mtengo wake umatsika. Koma funsani kaye kuntchito, paja lamulo la penshoni limakakamiza abwana kulembetsa antchito awo inshulansi ya moyo.

Wa ku Bangula: Ya matenda aakuluyo si ya malungo ayi! Amapereka ndalama kamodzi dokotala akatsimikiza khansa kapena sitiroko. Malume anga anabisa za shuga polembetsa, atadwala anawakaniza ndalama.

Wa ku Nchalo: Iii, ndiye BP yangayi ndiulule?

Mayi wa ku Ngabu: Ululani basi. Kampani ya inshulansiyo ikhalenso yovomerezeka ndi Reserve Bank.