Ndiyambe kugula chida chiti?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndakonza garaja ya pakhomo kuti ndizigwiriramo ntchito, koma zida zandichepera. Masipanala otchipa omwe ndili nawo akungodya mitu ya mabawuti. Dzulo sipanala ya 13 inaterereka ndikumasula bawuti ladzimbiri, chala n'kusupuka, magazi chuchuchu.

Ndalama zilipo zogulira zinthu ziwiri zokha. Mtima uli pa dirilo ya batire ya 18V, koma ndikuopa kuti batire ikadzafa ndidzavutika kupeza ina yolowa. Kodi ya chingwe siingandikhalitse? Nanga jeke, ndigule limodzi ndi zochirikizira zake? Kulowa pansi pa galimoto yongodalira jeke ndiye sindifuna n'komwe.

Inu amene munayamba kale, munagula chiyani poyamba?