Tinene bwanji m'Chichewa mawu a Chingerezi okhudza tizilombo ndi miliri?

Anzathu a zaumoyo ndi omasulira, tithandizeni. Tikukonza uthenga wa kolera wopita kumidzi, ndipo mawu atatu akutivuta.

Loyamba ndi "bacteria" ndi "virus". Tonse timati kachilombo, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Kolera imayamba ndi bakiteriya wotchedwa Vibrio cholerae, ndipo wodwala kwambiri amapatsidwa doxycycline, mmodzi mwa maantibayotiki (mankhwala opha mabakiteriya), pamwamba pa madzi a Thanzi ORS kapena diripi. Chimfine chimayamba ndi vayirasi, yemwe maantibayotiki samupha. Tikangoti "kachilombo", anthu amakagula maantibayotiki monga amoxicillin pomva chimfine, zomwe zimapangitsa mabakiteriya kusamva mankhwala.

Lachiwiri ndi "incubation period", nthawi yochokera pamene munthu wameza kachilomboka kufikira pamene ayamba kutsekula m'mimba: maola 12 mpaka masiku 5. Kodi "nthawi yobisala matenda" ikumveka?

Lovuta kwambiri ndi "carrier". Ambiri otenga kolera sadwala, koma amatulutsa tizilomboto m'chimbudzi kwa masiku angapo. Tikati "wonyamula matenda", tikuopa kuti anthu ayamba kumusala.

Inu amene mumaphunzitsa kusikelo kapena pamisonkhano ya amfumu, mumagwiritsa ntchito mawu ati omwe anthu amawamva osasokonezeka?