Ndingafufute bwanji manambala pa mabogi a sitima yachidole osawononga penti?

Wofunsa, ku Ntcheu boma:
Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za penti ndi pulasitiki. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg ananditumizira sitima yachidole yoyendera magetsi, yogwiritsidwa kale ntchito. Ndi ya kampani ya Lima ya ku Italy, saizi imene amati HO, kutanthauza kuti chilichonse anachichepetsa ka 87. Pali mutu umodzi ndi mabogi asanu onyamula katundu. M'mbali mwa mabogiwo munalembedwa SAR ndi SAS, zizindikiro za njanji ya ku South Africa, pamodzi ndi manambala oyera.

Ndikufuna zilembozo zichoke kuti ndilembepo za Malawi Railways. Bambo anga anagwira ntchito ya njanji pa siteshoni ya Sharpevale, njanjiyo isanapite m'manja mwa kampani ya Central East African Railways mu 1999. Pano anakalamba, sayenda mtunda, ndiye ndikuwamangira kasiteshoni pathabwa kuti aziona sitima ya nthawi yawo ikudutsa. Penti wapansi ndi wabwinobwino ndipo sindikufuna kupentanso bogi lonse, ndilibe chopopera. Ndigwiritse chiyani kuti zichoke zilembo zokha?

Makaniko wa pa Tsangano Turn-off:
Thinala basi achimwene, kapena buleki fuluwidi. Ife penti aliyense timachotsera zimenezo.

Wolemba zikwangwani, ku Dedza:
Ayi bwana makaniko, pamenepo mumuphetsa sitima mnzathuyu. Inu mumapukuta chitsulo, iyeyu ali ndi pulasitiki. Thinala amasungunula pulasitiki wa zidole zotere, mukangokhudza pamanata, tizitseko ndi timisomali tonse tija timafafanizika ndipo sizibwereranso. Chimodzimodzi mankhwala aja amayi amachotsera kyuteksi m'zikhadabo, ambiri muli acetone. Buleki fuluwidi amachotsa penti yense osasankha, ndipo pulasitiki wina amauma n'kuyamba kuthetheka pambuyo pake.

Achimwene ofunsa, yambani mwamvetsa mmene zilembozo zinafikira pamenepo. Ku fakitale salemba ndi bulashi. Amatenga inki ndi kampira kofewa n'kudinda pamwamba pa penti wouma kale. Ndiye inki ili pamwamba, yopyapyala, penti ali pansi. Ntchito yanu ndi kufewetsa inkiyo pang'ono n'kuichotsa mankhwala asanafike pa penti. Zonse zagona pa nthawi ndi kupepuka kwa dzanja.

Chimene ndimadalira ine ndi isopropyl alcohol, mtundu wa sipiriti wooneka ngati madzi. Yang'anani wolembedwa 90% kapena kuposa, chifukwa wa 70% ndi wofooka, ngakhale kuti kuyambira wofookayo si kulakwa. Nyowetsani kathonje kotokosera m'khutu, kafinyeni kuti kasadonthe, pukutani pa nambala imodzi yokha mozungulira pang'onopang'ono. Pakapita kamphindi tengani kamtengo kotokosera m'mano, kandani inkiyo mopepuka. Kamtengo n'kofewa, sikalowa mu penti ngati lezala. Nthawi iliyonse muziyang'ana thonjelo. Likamada ndi zoyera, ndi inki, pitirizani. Likangoonetsa mtundu wa bogi, siyani pomwepo, tsukani ndi madzi, liume kaye.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri bambo. Nanga isopropyl ameneyu kuno tingamupeze kuti? Sipiriti wa pepo uja wa m'magolosale sangagwire?

Wokonza mafoni, pa Lizulu:
Funsani kwa ife okonza mafoni, ndi amene timatsukira mabodi. Koma muonetsetse botolo lake lenileni ndi zolembedwa zake. Anzathu ena amatsukira thinala n'kumuthira m'botolo la chakumwa, mukhoza kutenga poganiza kuti ndi yemweyo. M'mafamase a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amapezekanso nthawi zina. Sanitaiza wa m'manja musiyeni, muli zothira zina zimene zimasiya mafuta.

Wolemba zikwangwani:
Sipiriti wa pepo amagwira pa inki zina, pa zina ayi, ndipo pa penti wowala akhoza kusiya kamtundu. Muyeseni kaye. Ndipotu chilichonse chimene tikukuuzani pano muyese kunsi kwa bogi kapena mkati mwake, pamalo osaoneka. Mabogi asanu a kampani imodzi sakhala ndi penti wofanana ayi, amene anapangidwa zaka zosiyana amasiyananso khalidwe. Musankhe bogi limene lili lotha kwambiri likhale lophunzirira.

China, chotsani bokosi lapamwamba pa mateyala ake n'kuyang'ana mkati. Ngati mtundu wa mkati ndi wofanana ndi wa kunja, mwina bogilo silinapentedwe n'komwe, ndi pulasitiki wa mtundu umenewo. Zikatero mwapeza mwayi, palibe penti woti muope. Komabe musakhule mwamphamvu.

Mphunzitsi wamkazi, ku Bembeke:
Ine ndimakonza zidole za ana a kusukulu, ndipo njira yanga ndi yosafuna mankhwala osowa. Mankhwala otsukira mano, oyera aja osati a jelo, pa kathonje. Ali ndi timchenga tosaoneka timene timadya inki pang'onopang'ono. Zimatenga nthawi, dzanja limatopa, koma simudzidzimuka kuti penti wapita. Labala yofufutira pensulo, yoyera ija, imathandizanso mukayamba mwanyowetsa nambalayo. Idulireni ndi lezala ikhale yosongoka kuti izikhudza chilembo chokha. Mbali zonse matanipo tepi ya pepala kuti dzanja likaterereka lisawononge pena.

Wina wa ku Cape Town, kwawo ku Kasinje:
Akulu, ine ndikutsutsako pang'ono. Lima inasiya kupanga zidolezi ku Italy kalekale, dzinalo linagulidwa ndi kampani ina ya zidole yotchedwa Hornby mu 2004. Kuno anthu amafunafuna mabogi a SAR amenewo, ndipo mukafufuta zilembo mtengo wake wagwa. Bwanji osangowasiya, n'kupangira bambowo siteshoni yokha?

Wofunsa:
Ndakumvani achimwene, koma sindikugulitsa. Akaona SAS adzafunsa kuti sitima ya eni ikutani pa Sharpevale. Ndikufuna awerenge zimene ankawerenga ali pantchito. Mutu wokhawo ndiusiya mmene ulili pakadali pano, chifukwa ndi umene ndikuopa kwambiri.

Wa ku Cape Town:
Chabwino, ndiye ndikuuzeni zimene amagwiritsa ntchito kuno. Pali madzi ena otchedwa Micro Sol, a kampani ya Microscale. Anapangidwira kufewetsa tizilembo tomata, koma anthu amadontheza pa nambala, kuika kapepala kofewa pamwamba kuti pasaume, kudikira mphindi zingapo, kenako kumata selotepi n'kumatula. Nthawi zina nambala yonse imatsatira tepi. Ena amagwiritsa T-Cut, polishi wa galimoto, pa kathonje. Uzani achimwene anuwo, m'masitolo a zidole ku Johannesburg angapeze Micro Sol. Dziwaninso kuti zidole zina zakale ankazidinda ndi chitsulo chotentha, ndiye inki ikachoka pamatsala chithunzi cha nambala cholowa mkati. Pitirizani chikhadabo pa nambalayo. Mukamva kadzenje, mudzafunika sandipepa wosalala kwambiri, wa nambala 1500 kapena 2000, wonyowetsa, ndipo pamenepo kapenti pang'ono simungakazembe.

Agogo ena, ku Mtakataka, kudzera pa foni ya mdzukulu:
Mwana wanga, wachita bwino kuwakumbukira atate ako. Njanji imeneyo, yochokera ku Balaka kudzera Bilila, Sharpevale, Golomoti, kuno kwathu, Chipoka mpaka Salima, inatha kumangidwa mu 1935. Ya ku Lilongwe inabwera mochedwa, mu 1979, ndi thandizo la Canada, ndipo mitu ya dizilo yochokera ku Canada komweko tinkaiona ikudutsa. Usapeke manambala m'mutu mwako. Khala pansi ndi atate akowo, akuuze okha mmene ankalembera, chilembo chinali pati, nambala inali pati, kulemera kwa katundu ankalemba pakona iti. Anthu a njanji saiwala zimenezo.

Wa ku Cape Town:
Agogo anena zoona. Ndiwonjezere kuti njanji ya kwathu ndi ya ku South Africa n'zofanana kutambalala, 1067 mm, ndiye mabogiwo sadzaoneka achilendo.  

Wofunsa:
Zikomo agogo, Loweruka ndipita kumudzi ndi kope. Ndabwera ndi zotsatira. Isopropyl ndamupeza kwa wokonza mafoni pano pa boma. Bogi lophunzirira lija mkati ndi kunja n'lofanana, ndipo SAS yachoka yonse ndi kathonje ndi kamtengo. Koma pamene ndapukutapo pakuwala kusiyana ndi pena ponse. Ndawononga?

Wolemba zikwangwani:
Simunawononge, ndi mmene zimakhalira. Kuwalako n'kwabwino, chifukwa tizilembo tomata ndi madzi timagwira bwino posalala, pokhakhala mpweya umatsalira pansi n'kumaoneka mbuu. Mukamaliza kulemba mudzapaka vanishi wosawala pa mbali yonse, kuchokera pakona mpaka pakona, osati pa chigamba chokha. Vanishi wosungunula ndi madzi ndiye wabwino pa pulasitiki, mopyapyala, kawiri.

Wofunsa:
Mtima wakhala pansi. Latsala ndi ili: zilembo zatsopano ziyenera kukhala zoyera, ndipo pa saizi imeneyi n'zazing'ono kuposa njere ya mpunga. Anyamata osindikiza pano akuti pulinta yawo ilibe inki yoyera.

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Akunena zoona, pulinta wamba amadalira kuyera kwa pepala. Mugule pepala la zilembo zomata loyera, musindikize mtundu wa bogi mozungulira, zilembo zitsale zoyera. Chovuta ndi kufananitsa mtunduwo. Mabogi anuwo ndi a mtundu wanji? Tumizani chithunzi chojambula panja masana, osati pa getsi, tione ngati zingatheke.